Chipsera Chinatsala Kumudzi

Pabanja pathu panali khadi limodzi lokha la kuchipatala, ndipo linali la amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi anga. Linkakhala m'kathumba ka pulasitiki kochokamo shuga, lotsomeka kudenga pamwamba pa chitseko, malo amodzi ndi lumo ndi singano yosokera masaka. Mkazi aliyense wa pamtundu pathu, matenda akamukulira, ankapita kwa amayi aang'ono, n'kukhala pakhonde, n'kufunsa za ana ndi za nkhuku, kenako n'kutsitsa mawu: "Tandibwerekeniko dzina." Sitinkati khadi ayi, tinkati dzina.

Munthu wa pakhadi lija ndimamumvera chisoni mpaka lero. Malungo anadwala osawerengeka, anapsa ndi phala paphazi, analumidwa ndi galu, ndipo anazulitsa mano awiri amene amayi aang'ono anali akutafunirabe chimanga chokazinga. Tsamba likadzaza, a kuchipatala ankalumikizapo lina, mpaka khadi linanenepa ngati buku la nyimbo. Palibe amene ankaona cholakwa. Mtondo tinkabwerekana, khasu tinkabwerekana, nanga dzina likanavuta pati?

Mudzi wathu uli pakati pa Katete ndi Sinda, kusiya msewu waukulu n'kuyenda pansi maola awiri. Zaka zake ndi zija zakumapeto kwa chipani chimodzi, pamene mtengo wa sopo unkakwera iwe uli pamzere wogulira sopoyo. Kiliniki ya boma inalipo, yaulere, ndipo bambo wa pamenepo anali munthu wabwino: ankakumvetsera mpaka umalize, kenako n'kukuonetsa mashelefu opanda kanthu. Mankhwala anali kuchipatala cha mishoni, kutali, kofuna basi. Kumeneko munthu watsopano ankalipira kuti amutsegulire khadi, pomwe wa khadi lakale ankangopereka pang'ono za mankhwala. Kwa anthu olandira pamwezi, yotsegulira khadiyo mwina inali ndalama ya ndiwo. Kwa ife inali dengu lathunthu la nsawa, zimene anzathu a ku Malawi amati mtedza.

Nthawi imeneyo ine ndinali ndi mwana mmodzi kumsana, amuna anga ali ku walale, kumigodi, kumene ankatumiza makalata odzaza ndi moni. Sukulu ndinalekezera giredi seveni, ndipo pamudzi pathu amenewo anali maphunziro oyendera mapewa ali m'mwamba. Makalata a anthu ndinkawerenga ndine, ndipo pakamwa panga sipankasowa yankho. Amayi ankati ndinabadwa lilime lili patsogolo.

Amayi angawo anali amasiye, mayi wa chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu, ndipo bodza ankadana nalo ngati nsikidzi. Ana asanu ndi awiri anaberekera m'nyumba, chipatala ankangochimva kwa anzawo. Chuma chawo chinali nsawa za chalimbana, mbewu imene analandira kwa amayi awo ndipo sanaitayepo ngakhale chaka cha njala. Chaka cha nkhani ino mvula inadula msanga. Titapatula zodya pang'ono, m'kankhokwe ka kuseri kwa nyumba munatsala madengu atatu osaswa. Amayi anamata pakamwa pake ndi dothi n'kulengeza kuti imeneyo ndi mbewu, woikhudza wakhudza iwo.

Matenda anayamba m'nyengo yozizira, titangomaliza kukolola. Ndinkawaona akusinja, n'kuima, n'kugwira pansi pa mchombo, kenako n'kukhala pansi musi uli m'manja. Ndikafunsa ankati ndi mphepo chabe. Anamwa mizu, anamwa timapiritsi toyera ta kukiliniki, koma chitenje chinayamba kuwazungulira mopitirira pamene chinkalekezera kale.

"Amama, tipite ku mishoni," ndinatero tsiku lina tikupeta mphale.

"Ndi chiyani?"

"Dengu limodzi la basi, lina la khadi. Limodzi litsala."

"Nanga mvula ikagwa tidzabzala khadi?"

"Ndiye tibwereke dzina kwa amayi aang'ono. Tigulitse dengu limodzi lokha."

Anasiya kupeta n'kundiyang'ana. "Ine ndikaime pamaso pa anthu a Mulungu n'kunena kuti ndine mng'ono wanga?"

"Dzina silimva kuwawa, amama. Ikuwawa ndi mimba, ndipo mimbayo mupita nayo yanu yomwe."

Ndinaseka nditanena zimenezo, ndikumva kuti ndalankhula zakupsa. Mawu amenewo ndakhala ndikuwatafuna zaka zonsezi, ndipo sanafewebe.

Amayi aang'ono anatsomola khadi kudenga ndi mtima woyera. "Tengani, akulu, dzinali linazolowera njira," anatero akusasa fumbi. Khadilo analitsegulitsa zaka khumi m'mbuyomo, pamene mimba yawo yomaliza inavuta. Anawanyamula pangolo, anawachita opaleshoni, ndipo anabwerako opanda mwana, ali ndi chipsera chachitali chochokera pamchombo kutsika. Sanaberekenso. Tonse tinkazidziwa zimenezo, koma tinkaziona ngati chisoni chakale cha amayi aang'ono, chosakhudzana ndi pepala.

Amayi anandipatsa khadi. "Tawerenga, wasukulu. Alembamo chiyani? Ndisakachite manyazi."

Dzina ndinawerenga, mudzi ndinawerenga. Zotsalazo zinali Chingelezi cha madokotala, cholemba ngati papalasa nkhuku. Patsamba loyamba panali mawu ena odulidwa mzere wofiira kunsi kwake. Ndinawayang'ana, nawonso anandiyang'ana. Kunena kuti zandikanika, amayi awiri onse akudikira, zinandilemera kuposa kunama. Ndinapinda khadi n'kunena kuti, "Ndi zakale izi, za malungo."

Dengu loyamba tinagulitsa kwa bambo wina wachisilamu wobadwira ku Malawi, amene anali ndi sitolo pamsewu waukulu, ndipo muyeso wake anthu ankaukhulupirira. Amayi anaima pambali akuona nsawa zawo zikukhuthulidwa m'saka limodzi ndi za anthu ena, zing'onozing'ono zosasankha. Kenako tinakwera basi.

Kuchipatala tinapeza mzere wafika kale pamtengo wa mango. Tinapereka khadi pawindo n'kukhala pabenchi. Dzuwa litakwera, kalaliki anaitana dzina la amayi aang'ono. Amayi anali akuyang'ana zala za kumapazi. Anaitananso. Kachitatu ndinawagunyuza ndi chigongono.

"Amama, ndinu."

"Ndine?" Anadzambatuka, mpango n'kugwa.

Amayi ena pabenchi anaseka, poganiza kuti ndi ogontha. Koma mmodzi amene ndinagundana naye phewa anandinong'oneza kuti, "Nanunso khadi n'lobwereka?" Ndinamuyang'ana moipa, iye n'kundionetsa lake, lonenepa kuposa lathu.

M'chipinda tinapezamo mwamuna wa jekete loyera, msinkhu wa amuna anga. Sanali dokotala wamkulu, koma ife aliyense wovala zoyera tinkamuti adokotala. Anatsegula tsamba loyamba, anawerenga, n'kufunsa mwaulemu, "Opaleshoni ija, amama, sikuvutani?"

Amayi anandiyang'ana. Ine ndinagwedeza mutu pang'ono.

"Inapola, bambo."

"Nanga lero chavuta n'chiyani?"

"M'mimba."

"Pati penipeni?"

Anayendetsa dzanja pamimba ponse, pamwamba pa chitenje, ngati akusalaza nsalu. Adokotala aja anadinadina pamwamba pa zovala, anafunsa za kudya ndi za kuchimbudzi, n'kulemba mapiritsi a njoka za m'mimba ndi mankhwala oyera amadzi, amene anatithirira m'botolo lomwe tinabwera nalo. Sindinamusungirepo mangawa munthu uja. Panja pankadikira anthu oposa mudzi wathu wonse, ndipo iye anakhulupirira pepala ndi mayi wachikulire wooneka woopa Mulungu.

Pobwerera, tikudikira basi, amayi anati, "Lero ndanama kawiri, dzina ndi chilonda." Ine ndinawagulira nzimbe kuti nkhaniyo ithe.

Mankhwala anatha, matenda osasuntha. M'mawa wina ndikufuna nkhuku imene inkaikira kutchire, ndinapita kuseri kwa bafa, ndipo pansi pa udzu ndinapeza nsanza zochapa zoyanika mobisa, madontho osachoka bwino. Zanga sizinali. Amayi anali atasiya kupita kumwezi kalekale, mlongo wanga wotsiriza akuyamba kumene sukulu. Ndinawapeza atakhala padzuwa.

"Amama, nsanza zili kuseri kwa bafa n'zandani?"

"Mwezi wabwerera kwa nkhalamba," anatero. "Zamanyazi."

"Zinayamba liti?"

"Tikukumba nsawa."

"Ndiye bwanji simunawauze adokotala?"

"Mwana uja? Msinkhu wa mkamwini wanga, ndimuuze za kumwezi?" Anakoka mpango pamapewa. "Ndiponso tsiku lija sindinali ine. Ndikanadziwa bwanji zimene mng'ono wanga ayenera kudwala ndi zimene sayenera? Ndinaopa kuti ndikachulutsa mawu atigwira."

Ndinapsa mtima. Ndinalalata mpaka anthu a nyumba zoyandikana anatuluka kudzaona ngati kwagwa ndewu. Ndinati manyazi sachiritsa, ndinati afuna kutisiya chifukwa cha nsawa. Zonsezo zinali zoona, koma amene ndinkamukalipira kwenikweni anali wasukulu uja amene anati n'za malungo, ngakhale nthawi imeneyo ndinali ndisanadziwe kukula kwa mlandu wake. Amayi anandisiya ndimalize, kenako anati madengu awiri otsalawo sachoka, tidikire amuna anga atumize kangachepe. Ndinalemba kalata. Tinadikira mwezi wathunthu ndi masiku. Yankho linabwera, moni wochuluka kwa onse, ndi mawu akuti kumigodi nakonso zinthu zathina.

Kutentha kutayamba, amayi anagwa panjira ya kuchitsime, ndowa ili pamutu. Tsiku limenelo sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinagumula dothi la pakankhokwe, ndinatulutsa dengu lachiwiri, ndipo amayi tinawagoneka pangolo mpaka kumsewu. Bambo wa sitolo uja anagula nsawazo, kenako anayang'ana m'ngolo n'kunena kuti, "Basi muidikira mpaka liti? Ine ndikupita kukaoda katundu ku Katete, njira ya kuchipatala ndi yomweyo, kwerani." Nditafuna kumasula mfundo ya pachitenje kuti ndilipire, anakana. Anati galimoto imadya mafuta omwewo, kaya muli wodwala kaya muli mchere.

Ndalama yotsegulira khadi tsopano ndinali nayo m'chiuno. Koma khadi la amayi aang'ono ndinalitenganso, ndipo pawindo ndinapereka lomwelo. Ndinaganiza kuti ulendo woyamba unalembedwa mmenemo, kuti tikasintha dzina atifunsa mafunso, ndiponso kuti ndalamayo tidyera pogona kuchipatala. Akuluakulu anati khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, koma ine ndinali ndisanamve kulira kwake.

Anawagoneka m'wodi ya amayi. Kunabwera namwino wachikulire, wa imvi zosuzumira kunsi kwa kachipewa, magalasi ali pachingwe. Anakoka nsalu yotchinga bedi, anawerenga khadi, n'kunena kuti, "Tiyeni timasule, adokotala aakulu akubwera." Anamasula chitenje mwaulemu. Mimba ya amayi inali yotupa, ya mizeremizere ya ana asanu ndi awiri aja, koma yosang'ambidwapo. Anamwino anayang'ana khadi, anayang'ana mimba, anavala magalasi, n'kuyendetsa chala kuchokera pamchombo kutsika.

"Amama, chipsera chili kuti?"

Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika. Anayankha ndi amayi, ndi mawu otopa koma osanjenjemera.

"Chatsala kumudzi, amayi. Chili ndi mwini wake."

Anamwino anaseka pang'ono, kuseka kongotuluka kokha, kenako anasiya n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Anandikodola, n'kuloza mawu aja a mzere wofiira.

"Inu mumawerenga?"

"Pang'ono," ndinatero. Kanali koyamba m'moyo wanga kuyankha choncho.

"Apa alemba kuti mwini khadi alibe chiberekero, anachichotsa chonse. Ndiye munthu akabwera ndi khadi ili n'kunena kuti m'mimba, palibe amene angaganize zoyang'ana kumeneko. Sitifunafuna chinthu pamalo pamene tinalemba tokha kuti palibe."

Sanatikalipire, ndipo kusakalipako kunandipweteka kuposa mbama. Anati sitinali oyamba, anaonapo nkhalamba yobwera ndi khadi la mtsikana woyamwitsa. Kenako anatembenukira kwa amayi. "Mukanangonena pawindo kuti mulibe. Wodwala sitimubweza, timaona chochita."

"Pawindo paja, anthu onse akumva?" anatero amayi. "Ine ndinalima chaka chino, amayi. Inanama ndi mvula."

Anamwino anapita, n'kubwera ndi khadi latsopano, lopyapyala, losapindika. "Tsopano ndiuzeni, ndinu ndani?" Amayi ananena dzina lawo, dzina la bambo awo, mfunda wawo ndi mudzi wawo, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga vesi pamaso pa mpingo. Chaka chobadwa sankachidziwa, anangoti ankauzidwa kuti kunali dzombe. Ine ndinapita pawindo n'kulipira. Kulipirako sikunatenge nthawi ngakhale yomwera madzi.

Dokotala wamkulu anawayeza masiku awiri. Tsiku lachitatu anandiitanira pakhonde, anamwino aja akumasulira. Anati m'chiberekero muli chotupa choipa, ndipo chafalikira kale kwina, mpeni sungachithe. Ndinafunsa funso limene linkandidya: tikanabwera ndi khadi lawolawo ulendo woyamba uja, bwenzi atachira? Dokotala analankhula nthawi yaitali, akutambasula manja. Anamwino anandipatsa zochepa. "Akuti mwina. Akuti sangalumbire." Mwina ameneyo ndi amene ndakalamba naye. Akanati ayi ndikanapuma, akanati inde ndikanadziwa cholira.

Anatinso ku Lusaka kuli makina amene angayese kuchepetsa chotupacho, ngati tingathe kukafika ndi kukakhalako. Nditawauza amayi, anafunsa kuti ulendowo ungadye madengu angati. Ndinati za madengu azisiye. Iwo anati, "Wamoyo amalipira mpando umodzi. Mtembo umalipira galimoto yonse. Ndani adzanditenge kumeneko?" Ndinalira, ndinawanyengerera, ndinawaopseza kuti ndikauza abusa. Sanasinthe, ndipo kunena zoona, ngakhale akanavomera, dengu limodzi lotsala silikanatifikitsa.

Tinakhala m'chipatala milungu iwiri, akuwapatsa magazi ndi mankhwala oletsa ululu. Ine ndinkaphika kumsasa kwa odwazika, kuseri kwa wodi, kumene aliyense anali ndi mafuwa ake ndi nkhani yake. Kumeneko ndinaphunzira kuti mtengo wa matenda suthera pawindo. Mayi wina wa ku Vubwi anali atagulitsa njinga ya amuna ake kuti awabweretse, ndipo ankadandaula kuti akachira adzafunsa njingayo asanafunse za ana. Wina ankangoyang'ana kumwamba, kuopa kuti mvula igwa munda wake usanasoswe. Ufa wanga utatha, palibe amene ndinamupempha. Ndinangopeza kambale kali pafupi ndi mafuwa anga, ndipo mwini wake sanadziulule.

Chimodzi chokha chinkawasangalatsa amayi m'wodi muja. M'mawa uliwonse namwino ankabwera ndi mankhwala akuitana mayina, ndipo akafika pa lawo ankayankha msanga, mokweza kuposa mphamvu zawo, "Ndilipo." Odwala anzawo anayamba kuwaseka kuti akuyankha ngati mwana wasukulu. Tsiku lina anandiuza kuti ndiwaonetse pamene dzina lawo lalembedwa pakhadi. Ndinawaikira chala pamenepo, ndipo apo pokha ndinawerenga mosanama.

Titabwerera kumudzi, ndinapita kukabweza khadi la amayi aang'ono n'kuwauza zonse. Anakana kulilandira m'manja, ndinachita kulitsomeka ndekha kudenga. "Ine ndimati ndikuthandiza," anatero, dzanja lili pamimba. Anapita kukagwada pamphasa ya akulu awo akulira, ndipo amayi anawasisita kumutu. "Unathandiza. Dzina lako linandifikitsa pakhomo, kulowa kunali kwa ine."

Musaganize kuti kubwereka dzina kunathera pamenepo. Mitengo sinatsike chifukwa choti amayi anga adwala. Anthu ankabwerabe pakhonde la amayi aang'ono, kufunsa za ana ndi za nkhuku. Koma tsopano panali lamulo: dzino, phazi, chifuwa, tengani. Chilichonse cha pamchombo kutsika, ayi, ngakhale mugwade.

Masiku otsiriza amayi ankagona pakhonde, dengu lachitatu lili pambali pawo. Anaumirira kuswa mbewu okha. Zala zinalibe mphamvu, nsawa imodzi ankalimbana nayo ngati mwala, koma akaiswa ankaiyang'anitsitsa, yonenepa kuika m'lichero, yofwapa kupatsa mwana wanga. Ankandilangiza kuti ndidzabzale kumunda wa kuchulu, mvula yachiwiri osati yoyamba, ndipo ndisadzasakanize ndi mbewu ya munthu wina. Titamaliza tinathira m'saka n'kusoka. Anati, "Madengu awiri aja anapita, koma ili lapulumuka." Ananena monyadira, ndipo ine ndinalibe mtima wowatsutsa.

Anamwalira masana ena otentha, mitambo itayamba kusonkhana koma mvula isanagwe. Khadi lawo, lolembedwa tsamba limodzi lokha, linali m'buku lawo la nyimbo.

Pamaliro panabwera anthu ambiri kuposa amene tinkayembekezera. Amayi a chigwirizano anachokera midzi yakutali, ndipo bambo wa sitolo uja anatumiza mchere ndi shuga. Ufa anthu anasonkha, koma ndiwo inali nthawi yovuta, kunali mfutso wokhawokha, wopanda mafuta, wopanda chotendera. Amayi ophika anayamba kunong'onezana, maso akuloza kuchipinda kumene kunali saka lija. Ine ndinakaima pakhomo.

"Imeneyo ndi mbewu," ndinatero. "Munthu wafera imeneyo."

Patapita nthawi anabwera amayi aang'ono, maso ali otupa, n'kuima pafupi nane.

"Mwana wanga, anthu ayenda mtunda kudzalira amako. Tiwapatse mfutso wamadzi? Akanakhala iwo pamaliro a mnzawo, ukuganiza akanatani?"

Ndinkadziwa chimene akanachita, chifukwa ndinawaonapo akuchichita. Ndinalowa, ndinatulutsa saka, ndinadula ulusi umene tinasoka awiri. Musi sindinapatse munthu. Ndinasinja ndekha nsawa zonse zija, zonenepa zokhazokha, zosankhidwa imodziimodzi, mpaka manja anatuluka matuza.

Anthu anadya pobwera kumanda. Ndinali nditakhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi kankhokwe kopanda kanthu, ndipo ndinamva amayi awiri achilendo akutsuka mbale. Mmodzi anati sanadyepo ndiwo zotendera zokoma chotero pamaliro. Mnzake anati n'zosadabwitsa, malemuwa nsawa ankazidziwa kusunga.

Mvula yachiwiri itagwa, kumunda wa kuchulu ndinabzalako chimanga. Mpaka lero ndiwo zotendera ndimaphika, ana ndi adzukulu amanyambita zala, koma zanga ndimapatula ndisanathire nsinjiro.